Oweruza a Ukwati wa Agiriki

Akatswiri ena openda mafilimu adainyoza My Big Fat Greek Wedding ya 2002, ati ndi kasewero ka pa wailesi ya kanema kongobwereka suti. Oonera sadamvere. Kanthu kodya madola 5 miliyoni okha kadabweza madola oposa 360 miliyoni, chonsecho sikadakhalepo pa nambala 1 ku America ngakhale sabata imodzi. Anthu ankangonong'onezana ngati mphekesera za pamjigo. Chimene chidawakoka si chikondi cha okwatiranawo, Toula ndi Ian, chozizira ngati phala la dzulo, koma achibale a Toula: bambo wokhulupirira kuti Windex, mankhwala otsukira magalasi, amachiza nthenda iliyonse, ndi azakhali omva kuti mkamwini sadya nyama n'kumulonjeza nkhosa.

Ena amati filimuyi imatonza Agiriki a ku Chicago. Pang'ono, inde. Koma wolemba wake, Nia Vardalos, ndi mwana wa Agiriki wobadwira ku Winnipeg, ndipo chipongwe cha mwini nyumba sichipweteka ngati cha mlendo. Komanso oseka ambiri sadali Agiriki. Ankaseka azakhali awo omwe, okhala nawo pambali m'holo yoonetsera filimu, akudandaula mokweza kuti mtsikana wa zaka 30 wachedwa kukwatiwa.