Kodi moto wa pa kuka umapita kuti magetsi akazima?

Ndili ndi mafunso okhudza kuka, ndipo inu amene munakulira m'nyumba za magetsi mundipirire, chifukwa ena mwa mafunsowa ngakhale mwana wa Sitandade 2 angawaseke. Ine ndinakulira pa mafuwa, kenako pa mbaula. Kuka ndaidziwira kuukulu, kwa mwana wa mchimwene wanga ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe. Ena mwa mafunsowa ndinafunsa mtengwa wathu, ena ndinafunsa bambo wina woyandikana nafe amene ndi mmisiri wa magetsi. Mayankho anandipatsa ndithu, koma yankho lililonse limabereka funso lina.

Choyamba, motowo uli pati? Puleti ikakhala yozizira imakhala yakuda. Ikatentha moti n'kuwiritsa madzi, imakhalabe yakuda. Palibe utsi, palibe lawi, palibe phulusa. Amisiri aja anati mkati mwa chitsulocho muli waya wopindidwapindidwa amene amatentha magetsi akamadutsamo movutikira, ndipo iye ndi amene amatenthetsa chitsulo. Chabwino. Nanga kanyali kofiira kamene kamayaka pa kuka n'kachiyani? Anati kamasonyeza kuti magetsi akulowa. Ndiye kuti ndikazimitsa, kanyali kamazima pomwepo, koma chitsulo chimakhala chikadali chotentha moti n'kusupula khungu la chikhatho kwa mphindi zambiri ndithu. Tsono kanyalika kamauza ndani, ndipo kamamuuza chiyani? Ine chimene ndikufuna kudziwa ndi chakuti pakuwotcha kapena ayi. Za kulowa kwa magetsi ndimaziona kale pa mita. Ndinamva kuti makuka ena okhala ndi galasi pamwamba ali ndi kanyali kena kamene kamayakabe mpaka pazizire. Ngati nzeruyo ilipo, n'chifukwa chiyani sinafike pa kuka ya mapuleti achitsulo, imene ili m'nyumba zambiri zokhala ndi ana okwawa?

Mtengwa wathu anaseka, nati kutentha kotsalirako iye amadya nako phindu. Mpunga amauzimitsira madzi asanaphwe n'kuusiya wovundikira, umapsa wokha popanda kudya yuniti ina. Nsima nayo akamaliza kuvundula amazimitsa, n'kuisiya pomwepo kuti ipse bwino. Apa ndinavomereza.

Koma manambala a pa chopotokola choyatsira puleti, 1 mpaka 6, sanandikhutiritse. Pa mafuwa phala likabwata mopitirira, umasolola chikuni chimodzi, moto n'kumvera nthawi yomweyo. Pa kuka ukachoka pa 6 kupita pa 2, phala limapitiriza kukulavulira m'manja ngati sunalankhule kanthu. Mkaka ndiye sudikira n'komwe, umasefukira uli chipenyere. "Azakhali, chitsulo sichimva msanga," anatero mtengwa. "Mukaona kuti zikusefukira, chotsani potoyo. Ndipo muzitsitsa zisanafike pamenepo." Ndiye kuti wophika pa kuka amayenera kulosera zimene poto achite mphindi zingapo zikubwerazo. Kodi amene anaika manambalawa anavundulapo nsima ya anthu khumi?

Ndikufunsa chonchi chifukwa nsima imafuna mphamvu. Pa mafuwa poto amakhala pansi, miyala itatu yamugwira, iwe wakhala bwinobwino. Pa kuka poto ali m'chiuno, pa chitsulo chosalala, ndipo mthiko ukakankha, iye amatsetsereka. Dzanja limodzi liyenera kugwira chogwirira. Ndi chiyani? Ife tinazolowera kuphula ndi nsonga ya chitenje chimene tavala. Amisiri atamva zimenezi anagwira mutu. Anati pa kuka pali mapuleti anayi oyandikana, ndipo nsonga ya chitenje ingagwere pa ina imene ukuiyesa yozizira, nsaluyo ili m'thupi mwako. Anati pakhale kansalu kake kophulira, kokhuthala, ndipo kouma. Kouma? Ine ndinkayesa konyowa ndiye koziziritsa. Ayi, akuti madzi a m'nsalu akakhudza chitsulo chotentha amasanduka nthunzi, ndipo nthunziyo imafika pa zala msanga kuposa kutentha kodutsa mu nsalu youma.

Za mapoto sindichedwapo. Kuka imafuna poto wa pansi pathyathyathya, wofanana kukula ndi puleti, chifukwa kutentha kumadutsa bwino pokhapo pamene chitsulo chakhudzana ndi chitsulo. Mphika wadothi, umene umatulutsa nyemba zokoma kuposa chilichonse, sukhazikika n'komwe. Poto amene anapindika pansi ndi moto wa mbaula amangogwedera, n'kumadya mayunitsi. Puleti yaikulu ya ma watts 2,000 ikayaka mwamphamvu ola lathunthu imadya mayunitsi awiri, kaya poto wakhala bwino kaya wakhala mopendama. N'chifukwa chake, ndikuganiza, m'nyumba zambiri zokhala ndi kuka nyemba zimaphikidwabe panja pa makala. Mtengwa akuti kuziviika usiku wonse, kuvundikira, ndi kutsitsa moto zikangowira, kumachepetsa ndalamayo. Komabe thumba la makala lili kuseri kwa chitseko.

Funso limene limandisowetsa tulo ndi ili. Moto wa nkhuni ukazima, wazima. Sudzuka wokha pakati pa usiku. Nanga wa pa kuka, magetsi akazima uli pa 6, umapita kuti? Amisiri anati supita kulikonse, umangodikira. Chopotokola chija chimakhala pomwe unachisiya, njira ya magetsi ili chitsegukire, ndipo akangobwerera, puleti imayamba kutentha popanda kufunsa ngati m'khitchini muli munthu.

Taganizirani mmene zimakhalira. Mafuta ali pa moto, anyezi wadulidwa, magetsi phethi. Wophika amadandaula, n'kutuluka kukakoleza mbaula. Chiwaya cha mafuta chatsala pa puleti, kapena wachichotsa n'kuikapo beseni lapulasitiki, poti pamalopo pazizira ndipo pakuoneka ngati patebulo. Anthu adya, agona. Kapena kwacha, apita ku ntchito, ku sukulu, ku tchalitchi. Magetsi amabwera nthawi yawoyawo. Akabwera anthu ali maso, ana amakuwa kuti "Ayaka!" ndipo aliyense amathamangira ku TV ndi kukatchaja foni. Kukhitchini amathamangirako ndani?

Kunotu kuzima kwa magetsi si chinthu chachilendo. Ambiri mwa magetsi athu amapangidwa pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Mu January 2022 namondwe Ana ataononga damu la Kapichira, dziko linataya pafupifupi ma megawatts 130, ndipo siteshoniyo inayambiranso mu 2023. Nthawi yonseyo makuka a m'dziko muno ankafa ndi kudzuka tsiku ndi tsiku. Palinso kuzima kwina kwa m'nyumba mwako mokha, mayunitsi akatha. Bambo amagula pa foni, n'kuima pa mita kulowetsa manambala 20 aja, ndipo akangomaliza, kuka imene ili chipinda china yadzuka. Amene anaisiya pa 6 mwina ali kumsika.

Ndiye ndikufunsa: chipangizo chimene chimaopsa kwambiri pamene chikuoneka chakufa, n'chifukwa chiyani sichinapangidwe kuti chiziiwala? Amisiri anati makuka ena atsopano, odina ndi chala m'malo mopotokola, sayaka okha magetsi akabwerera. Athu opotokolawa sadziwa kuti magetsi anachokapo. Mankhwala ake, akuti, ndi amodzi: magetsi akangozima, usanafunefune kandulo, usanadandaule, bweza zopotokola zonse pa 0, uzimitsenso swichi yaikulu ya pakhoma. Ndipo pamwamba pa kuka pasakhale posungira kanthu, ngakhale kansalu. Ndinafunsa kuti, nanga wophikayo akaiwala? Anati ndiye wogona pomaliza ayang'ane. Nanga m'nyumba ya anthu asanu ndi atatu, aliyense akuganiza kuti mnzake wayang'ana? Apa amisiri anangoti, "Amayi, zimenezo si za magetsi."

Swichi ya pakhoma ija inandipatsanso mafunso. N'chifukwa chiyani wailesi, firiji ndi ayironi zonse zimalowa pa soketi wamba, koma kuka ili ndi swichi yakeyake ndi waya wonenepa wochokera ku bokosi la magetsi? Amisiri anawerengera pa zala. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a ma volts 230. Pulagi ya mano atatu ili ndi fyuzi yosapitirira ma amps 13, ndiye kuti imanyamula pafupifupi ma watts 3,000 basi. Kuka ya mapuleti anayi ndi uvuni, zonse zikayaka, ingapitirire ma watts 7,000. Waya woonda ukamusenzetsa katundu wotere amatentha mkati mwa khoma kapena kudenga, kumene palibe akuona. Hotipuleti ya mapuleti awiri ingalowe pa soketi, koma yokha, osati pa ekisitenshoni imene yanyamulanso ketulo ndi ayironi.

Ndiye fyuziyo ntchito yake n'chiyani? Akuti ndi kawaya kopangidwa dala kuti kapse msanga, zinthu zina zisanapse. Ngati ndi choncho, n'chifukwa chiyani ikapsa anthu amaikwiyira, n'kuikamo waya wamkuwa kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya kuti isadzapsenso? Ndaonanso m'nyumba zina hotipuleti yopanda pulagi n'komwe, mawaya awiri atalowetsedwa mu soketi n'kutsinidwa ndi timitengo ta machesi. Wachitatu uja, wobiriwira ndi chikasu, ali lende. Amisiri anati wachitatuyo ndi amene amatenga magetsi osochera n'kuwapititsa pansi m'nthaka, kuti asadutse mwa munthu wogwira chitsulo cha kuka.

Apa ndinakumbuka mawu amene ndamva kwa amayi angapo: "Kuka yathu imaluma, muzivala masilipasi pophika." Amanena mopanda mantha, ngati khalidwe chabe la kukayo. Kodi masilipasi amachiritsa kuka? Nanga mwana amene walowa wopanda nsapato, pansi pangokolopedwa kumene? Amisiri anati kuka yoluma ndiye kuti magetsi akutayikira pa chitsulo chakunja, mwina chifukwa makoswe atafuna waya kumbuyo, mwina madzi analowa, ndipo waya wa m'nthaka uja sakugwira ntchito. Izimitsidwe pakhoma, isagwiritsidwe ntchito mpaka aione mmisiri amene ali ndi chilolezo cha MERA. Anawonjezera kuti poitsuka tizizimitsa kaye pakhoma, tidikire izizire, ndipo tizipukuta ndi nsalu yofinya, osati kukhuthulira madzi ngati tikutsuka mtondo.

Madziwo ndiye anandizunguza mutu. Moyo wanga wonse ndimadziwa kuti mdani wa moto ndi madzi. Lero ndikuuzidwa kuti mafuta akayaka m'chiwaya, madzi ndiye oyamba kuletsedwa. Chifukwa? Mafuta okazingira mandasi amakhala pa madigiri pafupifupi 180, ndipo oti agwira moto amakhala atapitirira pamenepo kutalitali, pamene madzi amawira pa 100. Madzi amamira pansi pa mafuta, n'kusanduka nthunzi nthawi yomweyo, ndipo nthunzi imafuna malo ochuluka kuwirikiza pafupifupi 1,700 kuposa madziwo. Imaponya mafuta oyakawo kudenga ndi kumaso. Kuwonjezera apo, pansi pa chiwayacho pali magetsi amoyo. Ndiye titani? Zimitsa, vundikira ndi chivundikiro chachitsulo kuti moto usowe mpweya, ndipo usavundukule mpaka zizizire. Usanyamule chiwaya kuthamangira nacho panja. Ufa usathirepo, chifukwa nawonso umayaka. Ukakula moti sungauyandikire, tulutsa anthu, tseka chitseko, itana thandizo.

Koma munthu akapsa, madzi omwewo abwereranso kukhala abwenzi. Pa bala la moto pathiridwe madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, osati dzira, osati mankhwala otsukira mano, osati mafuta, ndipo likakhala lalikulu kapena la mwana, apite naye ku chipatala. Munthu akagwidwa ndi magetsi, usamugwire ndi manja, ungagwidwe naye limodzi. Thamangira ku meni swichi, kapena umukankhe ndi mtengo wouma wa mopu. Zonsezi ndazisunga, ngakhale ndikudabwa kuti munthu wogula kuka amazimva kwa ndani ngati sanayandikane ndi mmisiri.

Uvuni nayo ili ndi zake. M'nyumba zambiri ndi kabati: mumakhala mapoto, mbale zapulasitiki, buledi wobisira makoswe. Ndiye wofuna kuphika chigumu amayatsa asanasuzumire. Chitseko chake chikatsegulidwa chimakhala pa msinkhu woti mwana akwerepo kuti aone zimene zili pamwamba, ndipo kuka yonse ingapendekeke ndi mapoto ake. N'chimodzimodzi ndi zogwirira za mapoto, zimene mtengwa amazilozetsa mkati nthawi zonse kuti kadzanja kasazifikire.

Latsala funso limodzi. Aliyense wandiuza kuti pakachitika ngozi, choyamba ndi kuzimitsa swichi ya pakhoma. M'nyumba imene tikukhalayi swichiyo ili kumbuyo kwenikweni kwa kuka, pamwamba pa mapuleti a kumbuyo. Kuti ndiifikire chiwaya chikuyaka, mkono wanga uyenera kudutsa m'malawi. Amisiri anati malo ake oyenera ndi pambali, pofikika osaweramira pa moto, ndipo kuisuntha si ntchito yaikulu. Mwana wa mchimwene wanga anakawauza eni nyumba. Iwo anayankha kuti swichi anaiika pamalo abwino, ife ndi amene tinaika kuka pansi pake. Khitchiniyo ili ndi malo amodzi okha okwana kuka, ndipo waya wonenepa uja amatulukira pomwepo. Ndiye woyenera kulipira mmisiri ndi ndani, iwo kapena ife?