Mame Amene Anakana Kukamuka

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amene anapeka mwambi umenewu sanakumanepo ndi msuweni wanga. Anafika kwathu ku Area 25 ndi kachikwama kamodzi, ati agona masiku atatu okha podikira intavyu. Dzinja ladutsa kawiri chifikireni. Mame aja tsopano ali ndi kapu yawoyawo, pasiwedi ya Wi-Fi anailoweza pamtima, ndipo rimoti ikasowa timakafunsa kwa iwo.

Ine ndi mayi a kunyumba tinagwirizana zomuwawitsira moyo. Nkhope yokwinya, moni wa m'mphuno, tiyi wopanda shuga, bonya mlungu wathunthu. Munthu anangonenepa.

M'mimba mutayamba kundiotcha ndinathamangira kuchipatala, ndili wotsimikiza kuti ndi maganizo a mlendo uja. Adokotala anati mlendo alipodi, koma ali m'kati: kachilombo kopotoka kotchedwa Helicobacter pylori, kamene kamakhala m'mimba mwa anthu pafupifupi theka la dziko lapansi. Ambiri kamawalowa ali ana n'kukalamba nawo, mwakachetechete. Ochepa ndi amene kamawatulutsira zilonda.

Komatu chifu si nyumba yochereza alendo. Pa muyeso wa pH madzi akumwa ali pa 7, mandimu cha pa 2, ndipo chifu chopanda kanthu chimatsika mpaka pa 1 kapena 2. Mabakiteriya ambiri akangolowa amatha psiti. Amenewo ndiwo mame enieni. Ngakhale kachilombo ka kolera, ndi mbiri yake yonseyo, kamayenera kubwera chigulu m'mamiliyoni kuti tochepa tiwoloke tamoyo.

Chimene chinandipweteka n'chakuti Helicobacter nayenso sakonda asidi. Sikuti ndi chimphona. Amangodziwa makhalidwe a pakhomo pa eni. Ali ndi chida chotchedwa urease, chimene chimatenga urea, yemweyo timalimbirana m'matumba a feteleza, n'kumuphwanya kuti atuluke amoniya, uja amakulasa m'mphuno ukalowa m'chimbudzi cha pamsika. Amoniyayo amazimitsa asidi pamalo pamene kachilomboko kali basi. Chifu chonse chikuyaka, iko kali pamthunzi. Kenako kamapalasa ndi timichira take n'kukabisala m'ntchofu zokuta khoma la chifu, mmene ukali wa asidi sufikamo kwenikweni.

Ndili pabenchi yodikirira mankhwala ndinamuona msuweni wanga bwinobwino. Sanakanganepo nane ngakhale tsiku limodzi. Ndikalowa pabalaza nkhope ili gwa, iye amaseserekera kukhitchini: “Alamu, mbalezi zisiyeni, manja anuwo si a sopo.” Madzulo ali pamphasa ndi ana, akuwathandiza masamu. Ntchofu zake ndi zimenezo. Ukati umuthamangitse, ana ako omwe amayamba maliro.

Ndipo tiyi wopanda shuga uja unali sukulu. Mu 1990 akatswiri a ku Alabama anaonetsa kuti bakiteriya wotchedwa Salmonella akamuika kaye m'madzi owawasa pang'ono amapanga zodzitetezera, moti akadzamuponya m'asidi woopsa amapirira, pamene anzake osazolowera akufa. Ife tinayamba ndi kuchotsa shuga, kenako majarini, kenako buledi yemwe. Pang'onopang'ono choncho, tinali kuphunzitsa munthu usilikali ndi ndalama zathu.

Madokotala nawonso anakhulupirira mwambiwu zaka zambirimbiri. Ankati m'chifu simungakhale chamoyo, zilonda zimabwera ndi nkhawa ndi tsabola. Robin Warren ndi Barry Marshall a ku Perth, m'dziko la Australia, atanena kuti muli mlendo, ambiri anawakayikira. Mu 1984 Marshall anatopa n'kulongosola, anangomwa msuzi wodzaza tizilomboto. Pasanathe milungu iwiri anali atasanza, m'kamwa mukununkha, chifu chitatupa. Mu 2005 awiriwa analandira mphoto ya Nobel. Munthu kudziitanira yekha mlendo wovuta n'kulandirapo mendulo! Ine ndinachita zomwezo poyankha foni imodzi, ndipo chimene ndalandira ndi mayunitsi a magetsi othera pa 15.

Mankhwala amene anandipatsa anandidabwitsa: maantibayotiki awiri, kuphatikiza omeprazole wochepetsa asidi, kwa masiku 14. Ndinafunsa kuti tikuchepetseranji asidi pamene tikufuna mdani afe. Anati asidi akachepa kachilomboko kamamasuka n'kuyamba kuswana, ndipo m'pamene mankhwala amakagwira bwino.

Nzeru ndinaitola. Milungu iwiri yathunthu ndinamwetulira. Shuga anabwerera patebulo, Lamlungu tinapha nkhuku, nthutumba n'kumupatsa iye. Tsiku la 14 ndinamuitanira pakhonde, n'kumupatira tikiti ya basi ndi kangachepe ka m'njira.

Anailandira ndi manja awiri, misozi ili lengelenge. “Asuweni, ine ndimaona ngati mwatopa nane. Kani mumandikonda chonchi?”

Tikitiyo anakaisinthitsa kudepoti. Mng'ono wake akufika Lachisanu, ati masiku atatu okha.