Socrates wafika pa puloti yathu

Ku Chinamwali kuno anthu odzuka pakati pa usiku alipo a magulu awiri: amayi okazinga mandasi ndi ana a kukoleji odikira bandulo yotchipa. Gulu lachitatu lija louluka pa lichero sitiliwerenga poti silinalembetse kwa amfumu. Pa puloti yomwe ndimachita lendi magulu awiri oyambawa alipo onse. Anaphiri akamakoleza mbaula cha m'ma 2 koloko, m'chipinda cha kumapeto kwa mdadada, choyandikana ndi bafa, anyamata atatu amakhala atazungulira foni yong'aluka galasi yomwe aitsamiritsa pa botolo la mafuta ophikira. M'fonimo muli mzungu wa tayi, akuphunzitsa nzeru za Agiriki akale pa nkhani ya kayendetsedwe ka dziko.

Masukulu akuluakulu a ku America monga Yale ndi Harvard anajambula maphunziro awo n'kuwaika pa YouTube kuti aliyense aziona ulele. Ulelewo ndi wa komweko. Kuno bandulo ya anthu atatu osonkherana ndalama ya ndiwo imatha mzungu ali m'kati molankhula, kukamwa kuli yasa, dzanja lili m'mwamba. Motero anyamata athuwa amadziwa chiyambi cha nkhani iliyonse ya ku Athens, koma mathero ake sanawaonepo. Mavuto onse omwe atigwera pa puloti pano achokera pamenepa.

Woyamba kudwala anali wamtali mwa atatuwo, amene tsopano ngakhale ana amamuitana kuti a Socrates. Anamva kuti Socrates weniweniyo ankayenda wopanda nsapato, sanalembe buku ndi limodzi lomwe, ndipo ankaswera pamsika kufunsa anthu mafunso mpaka avomere okha kuti sadziwa kanthu. Mnyamatayu anaona kuti ntchito yotere angaithe. Nsapato anavula (zinali zitatha kale), zolemba anasiya, ndipo pa 5 mwezi, alandilodi atagogoda ndi kope lawo m'manja, anatuluka atakoleka nsalu ya pabedi paphewa limodzi.

"Mwadzuka bwanji amayi?"

"Ndadzuka. Miyezi iwiri."

"Tisanafike kumeneko amayi, ndifunse nawo. Kodi chilungamo n'chiyani?"

"Chilungamo n'kundipatsa ndalama zanga."

"Mwayankha ngati munthu wina wa m'buku la Plato. Koma taganizani. Mnzanu wakusungitsani chikwanje ali bwinobwino. Kenako mutu wamusokonekera, wabwera kudzachitenga maso ali psuu. Mungam'patse?"

"Sindingam'patse."

"Ndiye kuti nthawi zina kubweza cha mwini si chilungamo."

Alandilodi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku zala zotuwa za kuphazi.

"Mwana wanga, ukuti wamisalayo ndine?"

Pofika madzulo chitseko cha chipinda cha kumapeto chinali chitazulidwa n'kukatsamiritsidwa kuseri kwa nyumba yaikulu. Anyamatawo anayesa kulimba mtima. Anauza aliyense wodutsa kuti Diogenes, wanzeru wina wa nthawi imeneyo, ankagona mumtsuko waukulu wa dothi ndipo za chitseko analibe nazo ntchito. Alandilodi atamva anati dilamu la madzi lilipo kuseriko, akhoza kuwachititsa lendi pa theka la mtengo.

Mwayi wathu pa puloti pano ndi madala ena a m'chipinda chachiwiri. Pa unyamata wawo ankatchetcha kapinga ku Kamuzu Academy, ku Mtunthama, sukulu yomwe a Ngwazi anatsegula mu 1981 n'kunena kuti ana aziphunzirako Chilatini ndi Chigiriki. Madalawa amati kapinga wa pansi pa zenera la kalasi imodzi ankamutchetcha mpaka kufika pa dothi, ndipo poti zenera silitha bandulo, nkhani ankazimva mpaka kumapeto.

"Achimwene," anatero madalawo akupala ndevu pakhonde, "mnzanu wa mafunso uja mukudziwa kumene anathera?"

A Socrates anati gawo limenelo sanalifike.

Madala anafotokoza mosafulumira. M'chaka cha 399 Khristu asanabadwe, mkuluyo ali ndi zaka ngati 70, anthu a mu Athens anatopa naye. Oweruza pafupifupi 500 anam'peza wolakwa pa mlandu wosocheretsa achinyamata ndi kusalemekeza milungu ya mzindawo. Atam'funsa chilango chomuyenera, iye anati mzinda uzimudyetsa ulele. Apa nkhope ya a Socrates athu inawala. Madala anadikira kuti iwale bwinobwino, kenako anati oweruzawo anam'patsa chikho cha poizoni.

"Ndipo poizoniyo atayamba kugwira, chomaliza kukumbukira chinali ngongole ya tambala. Anauza mnzake Crito kuti asaiwale kukabweza."

Alandilodi, omwe ankatsuka mbale pampopi ngati sakumva, anapempha madala kuti abwereze gawo lomalizalo mokweza.

Wachiwiri, wamagalasi, ndiye a Plato. Iyeyu anagwira nkhani ya magetsi. Mita pa puloti pano ndi imodzi, mabanja ndi asanu ndi awiri. Aliyense amalumbira pali Mulungu kuti m'nyumba mwake muli babu limodzi lokha basi, chikhalirecho mayunitsi amatha pa masiku anayi ndipo fungo la nyemba zophikidwa pa hotipuleti limatuluka m'mazenera atatu. A Plato anatiuza kuti vuto lathu n'lakuti aliyense akufuna kulankhulapo. Sitima ya pamadzi, iwo anatero, siyendetsedwa pofunsa maganizo a okwera, imafuna munthu wodziwa nyenyezi ndi mphepo. Dziko lidzakhala bwino anthu okonda nzeru akadzakhala mafumu. Tsono mwangozi, anthu amene anaphunzira za nzeru pa puloti pano analipo atatu okha, ndipo anali okonzeka kudzipereka kuti azisunga ndalama za mayunitsi.

Ine ndinatsala pang'ono kugonja, chifukwa mnyamatayo amalankhula bwino, ndipo munthu wa magalasi akatchula sitima ya pamadzi umachita manyazi kum'funsa za K2,000 yako. Koma madala anatsokomola.

"Munafika pamene akunena za moyo wa olamulirawo?"

Sanafike. Olamulira a m'buku la Republic, madala anatero, saloledwa kukhudza golide kapena siliva. Alibe nyumba yawoyawo, amadyera pamodzi ngati asilikali, ndipo ufumuwo amaulandira atakwanitsa zaka 50. Komanso palibe amene ali ndi mkazi wakewake. Akazi ndi ana ndi a gulu lonse, mwana amakula osadziwa bambo ake.

Tsoka lake tsiku limenelo kunabwera chibwenzi cha a Plato ndi kontena ya mpunga wa nyama. Mtsikanayo anamvetsera mwaulemu mpaka pa mawu akuti "a gulu lonse", anayang'ana a Socrates ndi mapazi awo aja, anatseka kontena n'kukakwera kabaza. Anaphiri okha ndiwo anapezapo phindu, atamva kuti Plato yemweyo ankati mkazi akhoza kulamulira mofanana ndi mwamuna. Kuyambira tsiku limenelo amati Plato anali munthu woleredwa bwino. Madala anawonjezera kuti mkuluyo anapita katatu ku Syracuse, pa chilumba cha Sicily, kukayesa kuwongola mafumu a kumeneko, ndipo maulendo onse anabwerako chimanjamanja. Za mayunitsi zinathera pomwepo, ndipo tinagonanso mumdima.

Wachitatu ndi wamfupi, wofatsa, yemwe amamva maphunziro kudzera mwa anzake chifukwa mahedifoni ali ndi makutu awiri okha. Ameneyu ndi a Aristotle. Anati Aristotle anaphunzitsa kuti munthu analengedwa kuti azikhala mumzinda pamodzi ndi anzake n'kumakambirana zowakhudza, ndipo sukulu yake inasonkhanitsa malamulo oyendetsera mizinda 158 kuti ione abwino ndi ati. Choncho puloti yathu inafunika msonkhano. Anamata chikalata pa chitseko cha bafa: Loweruka, 2 koloko, pansi pa mango.

Loweruka pansi pa mango panafika madala, ine, ndi nkhuku ziwiri. Ena onse anatumiza ana kudzafunsa funso limodzi: kodi kuli kenakake? A Aristotle anakhumudwa kwambiri. Anati ili ndilo tsoka la dziko lino, munthu sangabwere ku msonkhano wokambirana za chimbudzi chake chomwe popanda alawansi, pamene ku Athens nzika zinkathamangira zokha pa phiri la Pnyx.

"Zokha?" anafunsa madala.

Zinapezeka kuti nako ku Athens anthu ankakonda kucheza pamsika kuposa kumvera zolankhula za atsogoleri. Akapolo a boma ankatenga chingwe chonyika mu utoto wofiira n'kumakusa anthu kuchoka pamsika, ndipo wopezeka ndi utoto pa chovala koma osapita ku msonkhano ankalipitsidwa. Pambuyo pake boma linayamba kulipira ofika ku msonkhano, poyamba kandalama kamodzi kotchedwa obol, kenako atatu. Nkhaniyi inafalikira mdadada wonse nsima isanapse. Kondakitala wa m'chipinda chachinayi, amene anasiyira sukulu Sitandade 6, anayenda khomo ndi khomo kulengeza kuti alawansi ndi mwambo wa anthu ophunzira, unayamba Yesu asanabadwe, ndipo amene amatinyoza nawo sanawerenge. Tinagwirizana kuti aliyense wofika alandira mandasi awiri, pa ngongole kwa Anaphiri. Sabata yotsatira kunabwera anthu 14, kuphatikizapo mlendo wa eni ake yemwe anangobwera kudzaona odwala.

Zonse zinayenda mwa Chigiriki. Poti m'makhoti a ku Athens wolankhula ankamuyezera nthawi ndi madzi otuluka pa kabowo ka mphika, ife tinabowola chitini. Madala atayamba kulankhula anatseka kabowoko ndi chala, n'kunena kuti nako kumeneko madzi ankawaimitsa pamene mboni kapena malamulo akuwerengedwa, ndipo iwo zonse zomwe akunena ndi umboni. Analankhula mphindi 40. Poti khonsolo ya anthu 500 ya ku Athens inkasankhidwa pochita maere, ife tinachita maere a wokolopa m'bafa. Anagwera a Plato. Anati tibwereze. Anagweranso a Plato. Iwo anati izi zikungotsimikiza zomwe akhala akunena za ulamuliro wa chigulu.

Zinthu zinasokonekera pamene a Aristotle, pofuna kuonetsa kuti nawonso amadziwa, ananena kuti ku Athens akazi, akapolo ndi alendo sankavota.

"Ndiye mandasi angawo mulavule," anatero Anaphiri.

Alandilodi anafuna kudziwa za alendowo. Madala anati anali anthu obwera, ochita malonda ndi ntchito zamanja mumzindamo, amene ankalipira msonkho wapadera koma sankaloledwa kukhala ndi malo kapena nyumba yawoyawo. Aristotle mwini wakeyo anali wa ku Stagira, ndipo zaka zonse zomwe anakhala mu Athens sanavotepo.

"Ooh," anatero alandilodi, akukhazikika bwino pampando wawo wa pulasitiki. "Matenanti."

Apa ndi pamene kondakitala anafunsa ngati Agirikiwo analibe njira yochotsera munthu wotopetsa. Inalipo. Kamodzi pa chaka nzika zinkatha kulemba pa phale dzina la munthu amene zatopa naye, ndipo mavoti akakwana 6,000, wotchulidwa kwambiri ankachoka mumzinda zaka khumi, popanda mlandu uliwonse. Sindinaonepo anthu a pa puloti pano akugwirizana msanga chotere. Mwana wina anatumidwa kukafuna mapale, Anaphiri anapereka makala olembera.

Agogo ena a m'chipinda chachisanu, omwe maso anayamba kuwavuta, anakodola a Socrates.

"Mdzukulu wanga, undilembereko. Ulembe mnyamata wamtali uja woyenda wopanda nsapato."

"Wakulakwirani chiyani agogo?"

"Palibe. Ndangotopa ndi mafunso."

Madala anandinong'oneza kuti zoterezi zinam'chitikira Aristides, yemwe ankatchuka ndi chilungamo, ndipo iye analemba dzina lake lomwe n'kubweza phalelo osanena kanthu. A Socrates athu phunziro limenelo anali asanalione. Analemba dzina la kondakitala.

Powerenga, anthu 14 tinapezeka kuti taponya mapale 23. Asanu ndi anayi anali ndi dzina la kondakitala, onse olembedwa ndi dzanja limodzi lopendeketsa zilembo ngati la munthu wa kukoleji. Asanu ndi awiri anali ndi dzina la a Socrates, onse olakwika kalembedwe mofanana. Limodzi linali ndi dzina la mwamuna wa Anaphiri, ndipo Anaphiri ankayang'ana kumwamba kwa mango. Madala sanadabwe. Anati ofukula zakale anapeza m'chitsime china ku Athens mapale pafupifupi 190 a dzina la Themistocles, olembedwa ndi manja 14 okha, okonzeratu kuti agawidwe kwa ovota. Ifenso amene tinaona khoti likuthetsa chisankho cha pulezidenti cha 2019 pa 3 February 2020, nkhani ya Tippex ili m'kamwa mwa aliyense, tinangogwedeza mitu.

Mkangano unabuka. Kondakitala ankafuna kuwerenganso, a Plato ankafuna komiti ya akatswiri atatu, a Socrates ankafunsa kuti kodi voti n'chiyani. Alandilodi anaimirira, anthu onse n'kukhala chete.

"Pano sachoka munthu zaka khumi ali ndi ngongole yanga," anatero. Kenako anawerama n'kutola phale limodzi. Analitembenuza, anayang'anitsitsa mizere yokongoletsa ya m'mphepete mwake, natolanso lina n'kulilumikiza ndi loyambalo. Zinagwirizana bwinobwino.

"Mapale amenewa mwawatenga kuti?"

Mwana wotumidwa uja anali atafika kale kumsewu. Mtsuko wa madzi akumwa wa alandilodi, womwe anachokera nawo kwawo ku Jali, anaugawa pa mabanja asanu ndi awiri n'kuulemba m'kope, pansi pa lendi ya mwezi uno.