Bambo Kulibe, Apita Kutchalitchi

Anthu a m'tauni ya Hadleyville anyozedwa mokwanira. Chitulukireni filimu ya High Noon mu 1952, aliyense woionera amanyamuka pampando akupukusa mutu: anthu amantha, anthu osayamika, amuna ovala mathalauza pachabe. Ine ndati ndiwaikire kumbuyo pang'ono. Mantha anali nawo, sindikana, koma pa nkhani ya ulemu anthu amenewa analeredwa. Munthu anayenda khomo ndi khomo kwa ola lathunthu kupempha thandizo, onse anamukana, ndipo pafupifupi aliyense anamukana momufunira zabwino.

Nkhani yake ndi yaifupi. Ndi Lamlungu m'mawa, m'katauni kongopeka ka m'dera la New Mexico, kumadzulo kwa America, nthawi ya akavalo ndi zipewa zazikulu ija. Will Kane, mkulu wa apolisi wa tauniyo, yemwe m'filimumo ndi Gary Cooper, wangomanga kumene ukwati ndi Amy, amene ndi Grace Kelly, mtsikana wa mpingo wa Quaker wosafuna n'komwe kuona mfuti. Kane watula pansi udindo, baji yake ya nyenyezi wavula, wolowa m'malo mwake afika mawa. Pomwepo pakufika telegalamu yonena kuti Frank Miller, chigawenga chimene Kane anachigwira zaka 5 zapitazo n'kugamulidwa kuti chinyongedwe, chakhululukidwa ndipo chikubwera pa sitima ya 12 koloko masana. Anzake atatu ali kale pa siteshoni kudikira. Filimu yonse ndi ya mphindi 85, ndipo wotsogolera wake, Fred Zinnemann, amangokuonetsa mawotchi a pakhoma mpaka nawenso umayamba kuyang'ana yako.

Oyamba kuonetsa khalidwe ndi anzake a paukwati. Uthenga utangowerengedwa, anamukankhira pangolo iye ndi mkazi wake kuti athawe msanga. Chikondi chotani nanga! Koma Kane atayenda pang'ono anatembenuza akavalo, nabwerera, navalanso baji. Apa ndi pamene anailakwira tauni. Anthu anali atatsanzikana naye kale, manja atagwedeza, mitima itakhala pansi, iye n'kuwabwezeranso vuto limene iwo anali ataliperekeza mwaulemu.

A Mettrick, woweruza milandu, ndiwo anagamula mlandu wa Miller, ndipo ndiwonso amangitsa ukwati m'mawa womwewo. Kane anawapeza akutsitsa mbendera ya dziko pakhoma, akuipinda, akulongedza mabuku a malamulo ndi sikelo ya chilungamo. Sanathawe ngati mbuli ayi. Anayamba apereka phunziro la mbiri yakale, za anthu a ku Athens amene anapirikitsa wolamulira wankhanza koma n'kudzamutsegulira okha zipata atabwerera ndi asilikali. Phunziro litatha anakwera kavalo. Munthu wasukulu akamathawa amakusiyirako chidziwitso.

Harvey Pell, wachiwiri kwa Kane, ndi mnyamata wamphamvu zake, mfuti amaidziwa. Vuto lake ndi limodzi: sanamukweze pantchito. Anati athandiza pokhapokha Kane akamunenerera kwa akuluakulu a tauni kuti mpando ukhale wake. Atakanidwa anavula baji napita kukamwa. Zigawenga zili pa siteshoni, iye mutu uli pa pulomoshoni.

Koma katswiri weniweni ndi Sam Fuller, mnzake wa Kane wa ponda apa nane mpondepo. Anamuonera pazenera akubwera. Sanatseke chitseko, sanabise nkhope kumbuyo kwa katani ngati mwana. Anaitana mkazi wake, Mildred, namuuza kuti akanene kuti bambo kulibe, iye n'kukabisala kuchipinda. Mayi uja anatsegula chitseko akumwetulira kumwetulira kowawa, nati bambo apita kutchalitchi. Kane anangofunsa kuti apita bwanji okha osawatenga mayi. Mildred anati akuvala kaye, awalondola. Taonani kukoma kwa dongosolo limeneli: Fuller sanamukane mnzake, sananame ndi pakamwa pake, ndipo m'mbiri ya tsikulo walembedwa kuti anali kumapemphero. Bodza lasenzedwa ndi mayi, manyazi asenzedwa ndi mayi. Kane atachoka, mwamuna uja anatuluka n'kuyamba kumufunsa mkazi wake ngati akufuna kukhala wamasiye, ngati kuti wolakwa ndi iye chifukwa chochita manyazi.

Malo okhawo amene ulemu unasowa ndi kubala. Kumeneko wogulitsa mowa anali akubetcha mokweza kuti Kane sadutsa mphindi 5 Miller akangotsika sitima. Kane analowa, anamva, namugwetsa ndi chibakera, kenako n'kutembenuka kupempha omwe anali kumwa kuti adzipereke kumuthandiza. Njira yopemphera thandizo imeneyi ili ndi zofooka zake. Komabe anthu a kubala ndiwo okha amene anamuuza zoona: ambiri mwa iwo Miller anali mnzawo. Kalaliki wa pahotela nayenso sanabise kwa Amy kuti nthawi ya Miller bizinesi inkayenda, zipinda zinkadzaza. Bata limapha malonda ena.

Tsopano tifike kutchalitchi, kumene Sam Fuller amayenera kukhala. Kane analowa mapemphero ali mkati. Abusa anayamba amukumbutsa kuti iye sabwerabwera kuno, ndipo ngakhale ukwati wake wa lero sanaumangire m'nyumba ya Mulungu. Kaundula wa mpingo choyamba, zigawenga pambuyo. Atafotokoza chimene wadzera, amuna angapo anaimirira ndithu, okonzeka kupita. Zikanathera pomwepo, filimu ikanakhala yaifupi. Mwamwayi panapezeka munthu wanzeru amene anati tisapupulume, tiyambe takambirana. Ana anatulutsidwa kuti akasewere panja, ndipo msonkhano unatsegulidwa.

Palibe chida chotetezera munthu ku ntchito choposa msonkhano. Wina anati nkhaniyi ndi ya awiri, Kane ndi Miller, ife itikhudza pati. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Wina anati olakwa ndi andale a kumpoto amene amasula chigawenga, abwere adzathane nacho okha. Wina anakumbutsa mpingo kuti timalipira ndalama zathu kuti tikhale ndi apolisi, nanga lero tigwirenso tokha ntchito yomwe tinalipira kale? Mayi wina anaimirira n'kuwakumbutsa mmene zinalili kale, mkazi asakutha kuyenda pamsewu mwamtendere, koma mawu ake anangodutsa pamwamba pa mitu. Aliyense anali ndi mfundo, ndipo mfundo iliyonse inadya mphindi zake. Wotchi ya pakhoma yokha ndiyo inali kugwira ntchito.

Kenako anaimirira a meya, a Jonas Henderson, ndipo ophunzira za utsogoleri ayenera kuonera gawo limeneli mobwerezabwereza. Anayamba ndi kumutamanda Kane. Anati ndi wapolisi wabwino koposa amene tauniyi inakhalapo naye, ndi iye anaisandutsa malo oti munthu n'kulererapo ana, ndipo vutoli ndi la tonse, si la andale a kutali. Ukamamvetsera umaona nkhope ya Kane ikuyamba kumasuka. A meya anapitiriza osasintha mawu, osakweza liwu. Kumpoto kuli anthu a ndalama, anatero, amene akuganiza zodzamanga masitolo ndi mafakitale kuno. Akamva kuti kunali kuwomberana pamsewu, ndalama zawo apita nazo kwina. Choncho, chifukwa chomukonda Kane ndi chifukwa chokonda chitukuko, ndi bwino achoke m'tauni muno nthawi ikadalipo. Munthu anakwezedwa pamwamba ndi manja awiri kuti aponyedwe bwino panja. Abusa atafunsidwa maganizo awo anati lamulo limati usaphe, koma sakudziwa chonena, apepesa. Kane anathokoza natuluka.

Otsalawo ndi achidule. Martin Howe, wapolisi wopuma amene anamuphunzitsa ntchito, anamuonetsa manja opindika ndi nyamakazi. Herb Baker anadzipereka yekha poyambirira, wamoto ndithu, napita kukatenga mfuti. Atabwerera n'kufunsa kuti anzathu ena ali kuti, n'kumva kuti alipo awiri okha, iye ndi Kane, anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi mkazi ndi ana. Odzipereka ndi mtima wonse anapezeka awiri: chidakwa cha diso limodzi ndi kamnyamata ka zaka 14. Onse Kane anawabweza.

Wometa tsitsi yekha ndiye amene anakonzekera tsikuli mwanzeru. Kuseri kwa shopu yake kunali kalipentala wokhoma mabokosi a maliro, ndipo atangomva za sitima ya masana anamuuza kuti mabokosi amene alipo sakwanira, awonjezere. Kane anadzalowa mushopumo kuti amupukute nkhope atamenyana ndi Harvey m'khola la akavalo. Ali pampando, kuseri kukumveka kho! kho! kho! Wometa uja anachita manyazi, anathamanga kukamuletsa kalipentala kuti adikire kaye. Sanamuuze kuti asiye ntchito. Anangoti adikire kasitomala atuluke. Si bwino kukhoma bokosi mwini wake akumva.

Kane analemba wilo yake, ndipo sitima italira anatuluka mumsewu mulibe ngakhale galu. Anamenyana yekha ndi anthu anayi. Amene anamuthandiza ndi Amy, yemwe chipembedzo chake chimaletsa mfuti: anatsika sitima atamva kulira kwa mfuti koyamba, nawombera mmodzi kumsana, ndipo Miller atamugwira kuti abisale kumbuyo kwake anamukanda kumaso mpaka Kane anapeza mpata. Mfuti zitangoti zii, zitseko zonse zinatseguka nthawi imodzi. Anthu anakhamukira pamsewu, nkhope zodzaza ndi chifundo. Amene anakuwapo usiku kuti "Akuba! Akuba!" m'taunishipi ina iliyonse akuwadziwa anthu amenewa. Nyali za oyandikana nazo zimazima imodziimodzi, koma kukacha amabwera onse, ena atanyamula zibonga, kudzayang'ana pamene mbava zinaboola. "Pepani aneba, tinamva ndithu kaphokoso, koma timayesa ndi wailesi. Bwanji osatiimbira foni?" Kane anawayang'ana anthu a Hadleyville aja, anavula baji, naiponya pafumbi, nakwera ngolo osatsanzika. Kupatula a kubala aja, m'filimu yonseyi wopanda ulemu ndi iye yekha.

Amene analemba filimuyi, Carl Foreman, makhalidwe amenewa sanachite kuwapeka. Mu 1951, ntchito ya filimuyi ili mkati, anaitanidwa ndi komiti ya nyumba ya malamulo ya America imene inkasaka achikomyunizimu ku Hollywood. Anakana kutchula mayina a anzake. Ntchito zinamuthera, anthu amene ankadya nawo anayamba kumuzemba, ngakhale mnzake pabizinesi, Stanley Kramer, anasiyana naye, ndipo iye anasamukira ku Britain.

John Wayne, mfumu ya mafilimu a makauboyi, anadana nayo filimuyi kwambiri. Iye ndi wotsogolera mafilimu Howard Hawks sanamvetse kuti wapolisi weniweni angayende bwanji m'tauni kupempha thandizo kwa anthu wamba, ndipo mu 1959 anatulutsa Rio Bravo, mmene wapolisi amachita kuwakana anthu ofuna kumuthandiza. Mu 1971 Wayne ananena poyera kuti High Noon ndi yosemphana ndi mzimu wa America ndipo sadandaula kuti anathandiza kumupirikitsa Foreman m'dzikomo. Koma mu 1953, Gary Cooper atapambana mphoto ya Oscar chifukwa cha filimu yomweyi, Cooperyo kulibe pamwambowo, amene anakwera pansanja kukamulandirira anali Wayne yemweyo, atavala suti, akumwetulira. Anamuyamikira mnzake mokoma, kenako n'kuseka kuti akawafunsa omuyendetsera ntchito chifukwa chake gawo limeneli sanamupezere iye.