Ulemu kwa a Ndere, mlimi wopanda khasu

Pa alimi onse a ku Tamanda, woyenera mphoto pa chionetsero cha zaulimi ku Chipata ndi a Ndere. Ku kopaletivu sanalembetse, thandizo la FISP salidikira, khasu saligwira. Koma pitani padziwe mu Okutobala: munda wawo uli biriwiri pamene yathu ili gwa!

Nzeru zawo n'zakuya. Ife timagula thumba la feteleza wa D Compound, lija lolembedwa 10-20-10, ndipo nambala yapakatiyo ndi ya fosiforasi. Tikathira m'chimanga, mvula imakokolola dothi pamodzi ndi fetelezayo mpaka kudambo, ndowe za m'khola ndi zotuluka m'zimbudzi zikutsatira pambuyo. M'maiwe ndi m'madamu fosiforasi ndiye amaperewera, choncho akangofika, a Ndere sataya ngakhale pang'ono. Asayansi a ku Canada anawayesa mu 1973. Anagawa nyanja ina pakati ndi chinsalu, mbali zonse n'kuthira nayitirojeni ndi kaboni, koma fosiforasi mbali imodzi yokha. Kumeneko n'kumene akuluakuluwa anakakhazikika.

Nanga chifundo chawo! Zomera za pansi pa madzi, zija zimagwira matope ndi kubisa tiana ta nsomba, amazifunditsa bulangete kuti dzuwa lisaziwambe. Ena amayandama pamwamba, ena amamatirira pamasamba penipeni. Zomerazo zikafa ndi mdima, a Ndere salira nthawi yaitali, amangolowa chokolo dziwe lonse. Usiku amapuma mpweya wa m'madzi, akamawola tizilombo timamaliza wotsalawo, ndipo m'bandakucha nsomba zimabwera zokha pamwamba, kukamwa yasa. Msodzi angafunenso chiyani?

Kusunga amadziwanso. Mpweya ukatha pansi, matope amatulutsa fosiforasi amene anabisa kale, moti ngakhale titaleka kuwatumizira lero, adzadyabe zaka zambiri. Ndi kutchuka komwe ali nako: mu Ogasiti 2014 abale awo a m'nyanja ya Erie analetsa anthu pafupifupi 400,000 a ku Toledo, ku America, kumwa madzi a pampopi. Ndi mfumu iti kuno ingalamule chotero?

Tsono wofuna kuti ulemerero umenewu ufike m'dziwe lililonse, mpaka ku damu la Lutembwe kumene Chipata amamwa, alime mpaka m'mphepete mwa mtsinje, azule vetiva ndi bango, mizere ailozetse kumunsi. A Ndere sadya ngongole. Aliyense wowapatsa amam'bwezera, m'ndowa yomwe watungira.