Tsiku Limene Ndinasambitsa Kalulu

Mlandu umene ndinamuzenga kalulu wanga unali wonyanyala ana. Umboni ndinali nawo. Ataswa, dzuwa lonse ndinkasuzumira m'khola, iye ali phee pakona kutafuna kholowa, osacheukirako n'komwe kuchisa chimene anayala yekha ndi ubweya wozula pachifuwa pake. Tianato tinali topanda ubweya, maso otseka, titaunjikana pamodzi.

Nzeru inandifikira usiku, ndipo nzeru za usiku musamazikhulupirire. Ndinati kumimba kwake kwada, tiana tikunyansidwa. Kutacha ndinatenga beseni ndi sopo wonunkhira wa mayi a kunyumba, n'kumusambitsa kumawere konse, pomaliza n'kumudzoza mafuta awo omwe. Kenako ndinamupanikiza pamwamba pa chisa kuti ntchito iyambike. Tiana tinangoti balala, mitu uku ndi uku, bere osalipeza. Make anandipala mkono ndi zikhadabo zakumbuyo, magazi chuchuchu.

"Abambo, sopo wanga uja ndiye wathera kalulu?"

Ndinayang'ana kumbali.

Nditamufotokozera mlangizi wa ziweto, anaseka mpaka kugwira mpanda. Anati kalulu amayamwitsa kamodzi kokha pa tsiku, kwa mphindi 3 mpaka 5, kawirikawiri usiku, nthawi imene ine mboni ndinali kuliza mkonono. Makolo a akalulu owetawa, akutchire a ku Spain ndi Portugal, amafotsera ndi dothi khomo la una wa ana n'kuchokapo, kuti asalondolere zilombo kumeneko. Chimene ndinkachitcha nkhanza chinali chitetezo.

Nanga kamwana kosaona kamapeza bwanji bere m'mphindi zochepa chotero? Ndi mphuno. Izi anandiwerengera ndi mwana wanga wa kusekondale, mokweza dala kuti amake amve. Mu 2003, Benoist Schaal ndi anzake a ku Dijon, m'dziko la France, analemba m'magazini ya Nature kuti mu mkaka wa kalulu muli fungo lotchedwa 2-methylbut-2-enal. Kakalulu kongobadwa kumene kakalinunkhiza kamayamba kufufuza ndi mutu n'kuyasamula kuti kagwire, ngakhale fungolo alipake pa kandodo ka galasi. Palibe amakaphunzitsa. Ndiye ine pa chikwangwani chokhacho chimene tiana tinkatha kuwerenga ndinathirapo sopo ndi mafuta a maluwa.

Mwayi wake fungolo limabwera ndi mkaka, choncho sindinalithetse. Nditawasiya okha, m'mawa wotsatira ndinapeza timimba tili tototo. Kamwana kamodzi kokha, kamene ndinkakatulutsa kawirikawiri kuti ndikaone bwino, kanafa ndi kuzizira. Kameneko sindinganamizire make.

Inu amene mwayamba kuweta akalulu, musadikire kuona kuyamwa. Yang'anani timimba m'mawa. Tikakhala tokhuta, khungu losakwinyika, ikani madzi ndi masamba, tsekani khola, muzipita kumunda.