Ulemu kwa Mfumu Shuwa ndi Nduna Zake

Mwa alendo onse amene adatsika pa msewu wa Great East Road ndi kupempha malo pakati pathu, kuyambira ku akasupe otentha a Chinyunyu kufikira kufupi ndi mlatho wa Luangwa, palibe amene watitumikira mosatopa, osafunsa nsima kapena mphasa, koposa mawu aja a Chingerezi amene munthu amatseka nawo pakamwa pa mnzake wokayika; ndipo popeza sadapezeke woimba wowatamanda, ndayesa nkoyenera kuti ine ndiwombe m'manja pamaso pawo. Mwini mpando ndiye Shuwa, ndipo pambuyo pake pakudza nduna zake, Defineteli, Garanti, Konfemudi, ndi mphwawo wonenepa uja, Handiredi Pesenti.

Kuti tizindikire chifundo chawo tiyenera kukumbukira goli limene makolo athu adasenza. Masiku amenewo kutsimikiza chinthu kudali kokwera mtengo, pakuti wofuna kuti amkhulupirire ankatchula manda a amake, kapena kuitana mphezi kuti imng'ambe ngati akunama, ndipo mlandu ukakula ankamwera mwavi pamaso pa mudzi wonse. Motero munthu ankayeza mawu ake kawiri asanawatulutse, pakuti lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane. Atadza amishoni, Buku Lopatulika lidaletsa ndi kulumbira komwe, ndipo munthu wosauka adatsala ndi mawu ake okha, opanda chofunda. M'masautso amenewa ndimo adatulukira Shuwa, mpulumutsi wa amangawa, amene alibe mzimu woti ukwiye, alibe kachisi kapena manda m'dziko lino, popeza makolo ake onse adagona kutsidya kwa nyanja. Munthu angathe kumtchula kuyambira mbandakucha kufikira nkhuku zitalowa, osadwala ngakhale chimfine.

Taonani ntchito zake. Mayi waima pamsewu ndi thumba la mtedza, ndipo kondakitala, mwendo umodzi uli pakhomo la basi, akumuuza kuti, "Kwerani amayi, ku Lusaka tifika dzuwa lisanapendeke, shuwa shuwa!" Pamapiri a Manenekela basi ija yatsokomola ndi kuima, nthunzi ikufuka, mnyamata yemwe uja akuthira madzi a m'chigubu m'mimba mwa injini, koma ngakhale agone pomwepo, palibe amene adzaimbe Shuwa mlandu, chifukwa aliyense adamva bwino lomwe kuti mawuwo adanenedwa m'Chingerezi. Wogula chimanga amene sikelo yake imadya kilo imodzi pa thumba lililonse amayenda ndi Handiredi Pesenti. Ndipo anyamata okumba golide m'zigwa zathu, pofuna kuti amalume agulitse ng'ombe ndi kuwagulira makina ofufuzira, amatuma Konfemudi, amene amaona golide pansi pa nthaka khasu lisanagwe.

Koma ulemerero wa banja limeneli udaonekera pa chilala. Pamene mvula idadula ndipo Pulezidenti Hakainde Hichilema, pa 29 February 2024, adalengeza kuti dziko lili pa tsoka, chimanga cha mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chitauma m'minda, mbewu imodzi yokha ndiyo sidafote: aneneri a pa mowa amene adalonjeza kuti sabata ya mawa kugwa mvula defineteli adapitiriza kulonjeza kufikira mwezi wa Epulo, nkhope zawo zili gwa. Nditi chiyani za misonkhano? Chiyambire pamene Pulezidenti Michael Sata adatipatula ku Chongwe kuti Rufunsa likhale boma palokha, Defineteli sadasowepo pa mpando wakutsogolo, ndipo zaka za masankho wakumba zitsime ndi kumanga milatho yochuluka kotero kuti, ikadakhala yooneka ndi maso, mitsinje ikadatiperewera.

Alipo okalamba ena ouma mutu amene amafunsa kuti, kodi "ndithu" ndi "zoonadi" adalakwanji kuti tiwataye? Adalakwa kwambiri. Mawu amenewo agogo amawamva, amawasunga mumtima, ndipo chaka chikatha amawatulutsa pabwalo la nyakwawa monga mboni. Pamene Garanti, ukamuitana kubwalo, amangoti iye ndi mlendo, chilankhulo chathu sachidziwa.

Chifukwa chake ndikupempha mafumu athu, a Mpanshya, a Bunda Bunda ndi a Shikabeta, kuti ampatse mlendo wathu Shuwa malo omangapo, makamaka pafupi ndi siteshoni ya basi pamene abale ake achuluka. Ndipo inu owerenga, mnzanu akadza madzulo kudzakongola thumba la chimanga, atatsagana ndi Shuwa kudzanja lamanja ndi Garanti kudzanja lamanzere, alandireni onse atatu mwaulemu, muwayalire mphasa, muwapatse thumbalo. Koma mbuzi yake ya mkota igone m'khola lanu kufikira atabweza.